Zomwe Thandi Sananene

Gawo lomaliza la katuni linafika Lachinayi m'mawa. Safia atalionera mpaka kumapeto anaika dzanja patsaya. Kenako analiyambanso, ngati kuti Mjapani angasinthe maganizo pakati pa kuonera koyamba ndi kwachiwiri. Mjapaniyo sanasinthe kanthu.

Situdiyo ya Swadick ndi kachipinda ka kuseri kwa malo ometera, pafupi ndi depoti ya Mangochi. Makoma ake anamatapo matireyi a mazira kuti phokoso la maminibasi lisamalowe m'maiki. M'menemo ndi momwe makatuni a ku Japan amaphunzirira Chichewa. Ntchito yake imayenda chonchi: anthu a m'katuni amalankhula Chijapani, m'munsi mwa kanema mumadutsa mawu a Chingerezi, ndipo Safia, yemwe anakhoza bwino Chingerezi pa Fomu 4, amawerenga mawuwo nkulemba Chichewa chake m'kope. Akamaliza amaphimba Chingerezicho ndi lamba wachikasu wa pakompyuta wolembedwa nambala ya foni ya Swadick. Kenako amaima pa maiki anthu atatu nkumawerenga za m'kopemo. Choncho kuyambira ku Makokola mpaka ku Malindi, woona zomwe zili pansi pa lambayo anali munthu mmodzi yekha, Safia.

Katuni yomwe inawatchukitsa anaitcha Abiti Ketulo. Ndi nkhani ya mzukwa wa mtsikana womwe umakhala m'ketulo ya mnyamata wina wapasukulu. Madzi akangowira umatuluka pamodzi ndi nthunzi, kumukalipira, kumubisira nsapato, kumuopseza aphunzitsi ake, pansi pamtima ukumukonda. Mnyamatayo anapatsidwa dzina loti Wongani, ndipo mawu ake ankalankhula ndi Swadick. Safia anali mzukwa. Panalinso mtsikana wamoyo wa m'kalasi momwemo, Thandi, wokondanso Wongani yemweyo, ndipo mawu ake anali a Benedicta wa ku Malindi.

Gawo lililonse limayamba ndi lumbiro la mwini situdiyo: "Kuno kwa Che Swadick sitinama. Chomwe wanena Mjapani ndi chomwe mukumva." Mawu amenewa ankalasa womasulira wina wa ku Monkey Bay yemwe sadziwa ndi moni wa Chingerezi yemwe. Iyeyo amangoyang'ana zithunzi nkumapeka za m'mutu, mpaka Mjapani kufika potsutsa mtengo wa usipa. Swadick ankadana ndi ntchito ya munthu ameneyo kuposa malungo. Iye anamupatsa Safia lamulo limodzi lokha tsiku lomwe ankayamba ntchito: "Mchere thira, koma ndiwo usasinthe."

Ndiwozo Safia anazisintha pa gawo lachisanu.

Tsiku limenelo anachedwa kuweruka, ndipo Swadick anati amuperekeze Benedicta pa njinga yamoto, popeza anali ndi mafulashi a katuni oti akasiye m'mavidiyo a ku Malindi. Anamuveka chipewa chake, nkumumangira yekha kalamba ka pachibwano. Safia anaima pakhomo nkumaonerera njinga ikulowera kumlatho. Iye anali atatha zaka ziwiri m'kachipinda kameneka osamangiridwapo ndi ulusi womwe. Nsanje ndi matenda oipa, abale anga, ndipo ikagwira munthu amene ali ndi cholembera m'manja ndiye zaipiratu. M'mawa mwake, pamalo pomwe Thandi amapereka kabakuli ka chakudya kwa Wongani akunena kuti, "Ndakuphikira, idya chisanazizire," Safia analemba kuti, "Idya, galu wathu wakana."

M'mavidiyo anthu anaseka mpaka kugwa pamabenchi. Swadick naye anaseka nkunena kuti, "Koma Ajapani awa achipongwe eti." Safia anangogwedeza mutu. Chakomachakoma pusi anagwa chagada: gawo lachisanu ndi chimodzi anawonjezera pang'ono, lotsatira anawonjezeranso, mpaka Thandi anasanduka mtsikana wamwano, waumbombo, wonyoza amphawi. Akamwetulira pa kanema anthu ankati taonani chinyengo. Akalira ankati akunamizira. Benedicta, poti ndi katswiri pa ntchito yake, mawu oipawo ankawatchula mokoma kwabasi, moti amayi ogulitsa matemba pamsika anayamba kumuitana kuti Thandi wamwano nkumamumana basera. Safia akamva zimenezi ankakoma mtima pang'ono, tisabise.

Ndiye Lolemba la sabata ya gawo lomalizali, Swadick akukulunga chingwe cha maiki, osamuyang'ana nkomwe, anafunsa kuti, "Kodi amjomba ako aja amapezeka pakhomo masiku ati?"

Mwamuna safunsa za mjomba wa mkazi pofuna kugula mbuzi. Safia anayankha kuti Lamlungu, ndipo anayenda njira yonse ya kwawo osamva kuti dzuwa likuwotcha. Nsanje yonse ija inali yachabe. Munthu yemwe ankamulirira anali akubwera yekha, ndipo pakati pa iye ndi Lamlungu panangotsala gawo limodzi loti lijambulidwe.

Gawo lake ndi lomwe linali pa kompyutali. M'menemo Wongani anagwira dzanja la Thandi, Abiti Ketulo anawatsanzika akuseka, nkukwera kumwamba ndi nthunzi osabwereranso. Zimenezo zikanatheka kuzipirira. Choipitsitsa chinali chakuti katuni inabwerera m'mbuyo kukaonetsa m'mawa wa tsiku la kabakuli lija: Thandi kudzuka ena onse ali mtulo, kusenda, kudzicheka chala, kupsereza, kutaya, kuyambiranso. Galu panalibepo. Ndi mchira womwe wa galu sunaoneke.

Safia ankamudziwa Swadick. Munthu uja amakhululuka kuchedwa, amakhululuka kuthyola mahedifoni, koma bodza lomusandutsa iye wabodza pamaso pa Mangochi yense, iai. Akangodziwa, za amjomba zithera pomwepo. Anatafuna cholembera mpaka chinang'aluka.

Nzeru inabwera cha m'ma leveni, ndipo inali yonyansa. Kondaine. Analemba kuti Thandi akuphika mankhwala achikondi. Chala sanadzicheke mwangozi, ankafuna magazi alowe m'chakudya. Wongani wagwira dzanja chifukwa wadyetsedwa, ndipo mzukwa ukuchoka poti wagonja kwa mfiti yoposa iwo. Zinagwirizana ndi zithunzi bwino lomwe, moti iye mwini anachita mantha ndi mutu wake. Anaika lamba wachikasu uja pamalo pake, nkutseka kope, nkupuma. Bodza limodzi lokha lotsiriza, basi, kenako alapa.

Benedicta anafika Swadick ali kumzikiti ku swala ya masana. Maso ake anali ofiira, ndipo sanapereke moni. Anangokhala pa kireti ya pakona nkuvula nsapato imodzi.

"Wadwala?" anafunsa Safia.

"Bola kudwala. Chinkhoswe chaima."

"Chinkhoswe cha ndani?"

"Changa. Ndi Jeremiya, uja amakhoma mabwato kwathu kuja. Sindinkafuna kulengeza ankhoswe asanakumane, ukudziwa mmene anthu alili."

Safia anamva ngati mpando watsika. Miyezi iwiri yathunthu wakhala akulimbana ndi munthu yemwe anali ndi wake kale kutsidya kwa mlatho.

"Amayi ake akukana," anapitiriza Benedicta. "Akuti mtsikana wotchula mwano mokoma chonchija ndiye kuti mwanowo ali nawo mumtima. Amayi anzawo a kutchalitchi akuwaseka, akuti mwapeza mpongozi wodzadyetsa mwana wanu zokana galu. Ndinapita, ndinagwada, ndinawafotokozera kuti ine ndimangowerenga za m'kope. Akuti nanga mwa anthu atatu anasankha iwe bwanji kuti uziwerenga mwano?"

"Jeremiyayo akuti chiyani?"

"Wawanyengerera kuti Loweruka akaonere okha gawo lomaliza. Munthu sanalowepo m'vidiyo chibadwire, koma avomera. Akuti akaone mathero a Thandi, ndiye anene mawu awo." Anadzuka nkumugwira Safia pamkono. "Mnzanga, iwe waonera kale. Muli mawu abwino ngakhale amodzi oti ndinene?"

Kope linali pansi pa chigongono cha Safia, ndipo ankalimva ngati mbale yotentha. Njira yapakati anaifunafuna m'mutu osaipeza. Akalemba kuti Thandi ankaphika ndi mtima wabwino, nanga galu uja anachokera kuti? Aliyense m'tauni muno amawadziwa mawu aja pamtima, oyendetsa kabaza amanenerana tsiku ndi tsiku. Thandi akayera, Safia ada. Safia akayera, Benedicta akadyetsa mwamuna kondaine amayi a Jeremiya atakhala pabenchi lakutsogolo.

"Tiona pojambula," anayankha Safia.

Swadick analowa akupukuta nkhope ndi chisoti, ali wosangalala ngati munthu yemwe mapemphero amuyendera. Anawagawira mahedifoni, nkuyesa maiki, nkuponya lumbiro lake lija ndi mawu amphamvu kuposa masiku onse, poti linali gawo lomaliza. Safia anayang'ana pansi. Pomwe mzukwa umatuluka m'ketulo nkumenya mutu kudenga, pofunika kukuwa moseketsa, mawu ake anatuluka onjenjemera.

"Zili bwino choncho," anatero Swadick. "Zikumveka kuti mzukwa ukudziwa kuti ukupita. Iwe ndiwe katswiri, Safia."

Akanamutukwana bwenzi zili bwino.

Anafika pa khitchini ya Thandi. Benedicta anatembenuza tsamba, nkuliwerenga kaye chamumtima monga amachitira nthawi zonse. Safia anaona maso ake akutsika mzere ndi mzere, kenako anaima. Sanakalipe. Anangomwetulira kumwetulira kwa munthu yemwe waona basi yomaliza ikunyamuka.

"Ndiye kuti Mjapani wandimaliza," anatero.

Anakokera maiki pafupi, poti ntchito ndi ntchito. Pa kanema kamtsikana kaja kanali kakuyamwa chala chodzicheka, maso ali ndi tulo. Benedicta anayamba: "Magazi angawa alowe m'chakudya chake, kuti..." Mawu anadukira pomwepo. Anatsokomola, nkupempha kuti abwereze. Ulendo wachiwiri sanafike ndi pa "chakudya" pomwe.

Swadick anaimitsa kanema. Anali atamva kale za ku Malindi, ndipo analankhula mofatsa. "Pepa, Bene. Ndi mmene nkhani ilili, sitingaisinthe. Safia ndi mnzako, akanatha kukulembera zabwino zabodza kuti upulumuke. Koma ukudziwa kuti sangatero. Nchifukwa chake ndimamudalira."

Safia sanaganize zambiri. Akanaganiza sakanachita. Anatambasula dzanja, nkugwira mausi ya kompyuta, nkukoka lamba wachikasu uja kumuchotsa. Nambala ya Swadick inazimirira, ndipo m'munsi mwa kanema munaoneka mawu oyera a Chingerezi.

"Werenga, Bene."

Chingerezi cha Benedicta nchoyenda pang'onopang'ono, koma chimafika. Anasendera pafupi, milomo ikugwedera, chala chili pagalasi. Kenako ananena m'Chichewa: "Akuti, 'Ndikufuna adyeko chotentha ngakhale tsiku limodzi. Alibe womuphikira.'" Anayang'ana m'kope, nkuyang'ananso pa kanema. "Za magazi zili pati?"

"Palibe."

Panja kondakitala wina anali akuitanira anthu a ku Monkey Bay, ndipo matireyi a mazira aja sanamutseke konse. Swadick anavula mahedifoni pang'onopang'ono nkuwaika patebulo.

"Kuyambira gawo liti?" anafunsa.

"Lachisanu."

"Galu uja?"

"Kunalibe galu, Che Swadick."

"Umbombo, kunyoza amphawi, zonse zija?"

"Zanga."

"Chifukwa chiyani?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, amatero, koma Safia analankhula, misozi ikutsika osaipukuta. "Munamumangira chipewa tsiku lija. Ndinachita nsanje. Ndimakukondani, ndipo ndinkaopa kuti mutenga iyeyu. Ndinkafuna anthu amude, inunso mumude. Lero ndinalemba za kondaine kuti musandigwire Lamlungu lisanafike. Ndi zokhazo."

Benedicta anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Chipewa? Chipewa chonunkha thukuta chija, chomwe ndinafika nacho kwathu mutu ukundiyabwa? Miyezi iwiri ndikutukwanidwa pamsika, ndagwada pamaso pa amayi a eni ake kupepesa mlandu wosaudziwa, chifukwa cha chipewa?" Safia anafuna kumugwira dzanja. "Usandikhudze. Ndinkakuuza kuti kamtsikana aka nkhope yake ndi yabwino, mawuwa sakukakhala, iwe nkumati Ajapani ndi mmene alili."

Swadick sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuopsa Safia kwambiri. "Kasanu ndi kawiri ndalumbira pamaso pa anthu kuti sindinama, ndikunama. Wa ku Monkey Bay uja bola, iye sadziwa chomwe akuphwanya." Anabwezera kanema kumayambiriro, nkufufuta lumbiro lake, nkutembenuzira maiki kwa Safia. "Pamenepa ulankhula iwe. Osati ndi mawu a mzukwa. Ndi ako, ndi dzina lako."

Safia anaima pa maiki. Anaganiza za mayi ake, za amjomba, za amayi a matemba aja, za benchi lililonse kuyambira ku Makokola mpaka ku Malindi. Kenako ananena kuti dzina lake ndi Safia, ndi iye amalemba Chichewa cha katuniyi, ndipo mwano wonse wa Thandi anaupeka yekha chifukwa cha nsanje. Ananenanso kuti Benedicta ndi Che Swadick sankadziwa kanthu. Zinatenga nthawi yochepa kuposa yomwera kapu ya madzi. Swadick anasunga mawuwo osawamveranso.

"Sizikwanira," anatero Benedicta akuvala nsapato ija. "Amayi a Jeremiya sakhulupirira za m'sipika. Loweruka ukwera nane minibasi, ukawauze pamaso, amayi anzawo a kutchalitchi ali pomwepo. Zikatha zimenezo ndiye ndidzaona ngati ndimakudziwa."

"Ndipita."

Benedicta anatuluka kukasamba kumaso pampopi wa ometa. M'chipindamo munatsala anthu awiri ndi fani. Swadick anatola chingwe cha maiki, chomwe chija cha Lolemba, nkuyamba kuchikulunga ngakhale ntchito inali isanathe.

"Amjomba ako ndinawatumizira uthenga dzulo kuti Lamlungu alandira alendo," anatero. "Ukawauze kuti alendowo sabwera."

Safia anafunsa kuti, "Lamlungu lokhali?"

"Sindikudziwa, Safia. Ndikanama ndikati ndikudziwa." Anamasulanso chingwe chija. "Pali magawo asanu ndi awiri oti tijambulenso, ndi lomalizali. Lamba sitiikanso mpaka titamaliza kuwerenga. Tikafika kumapeto mwina ndidzadziwa."

Anatsegula gawo lachisanu nkulithamangitsa mpaka pamalo paja. Thandi anaima pa kanema, kabakuli kali m'manja awiri, chala chimodzi chomangidwa pulasitala chomwe palibe anachiona miyezi iwiri yonseyi. Safia anang'amba masamba a kondaine, nkutsegula tsamba loyera, nkulemba mzere umodzi.

Benedicta atabwerera sanamuyang'ane. Anavala mahedifoni, nkuwerenga mawu a m'munsi mwa kanema poyamba, kenako a m'kope, kufananiza. Atakhutira anagwedeza mutu kwa Swadick.

"Ndakuphikira," anatero pa maiki, mawu ali ofewa. "Idya chisanazizire."

"Zikomo, Thandi," anayankha Swadick.

Pamalo amenewo mzukwa ulibe mawu. Safia anangoima pakati pawo atawagwirira kope kuti onse awiri aziona bwino.